Mtundu wobiriwira pamapu a mvula si chilolezo chobzalira

Chaka chino ndaona minda yambiri ya chimanga yomera mwa apo ndi apo, ndipo ndikafunsa eni ake chifukwa chomwe anathamangira kubzala ndi chizimalupsa, amandionetsa mapu a ulosi wa mvula omwe analandira pa WhatsApp. Dera lathu lapakidwa mtundu wobiriwira, iwo n'kumasulira kuti mvula yabwera basi.

Vuto n'lakuti mapuwo amayenda m'mafoni atadulidwa, kabokosi kofotokoza tanthauzo la mitundu katachotsedwa, miyezi yake yosaoneka, ndipo ena amakhala a chaka chatha. Pamapu omwe akatswiri a zanyengo a m'maiko a SADC amatulutsa pamsonkhano wa SARCOF dzinja lisanayambe, dera lolembedwa kuti lilandira mvula ya mlingo wa nthawi zonse kapena kuposerapo limakhala ndi manambala atatu: 35, 40 ndi 25, oimira mwayi wa mvula yoposa mlingo wa nthawi zonse, ya mlingowo ndi yochepera. Nambala yomalizayo ikunena kuti mwayi woti mvula ichepe ndi 25 pa 100, kutanthauza ulendo umodzi pa maulendo anayi, ndipo munthu wanzeru sangaike mbewu yake yonse pa juga yotere. Komanso mtunduwo ukunena za mvula yonse ya miyezi itatu pamodzi, monga Okutobala mpaka Disembala. Sukunena tsiku lomwe mvula yobzalira iyambe, ndipo sukusonyeza ng'amba ya masabata atatu yomwe ingagwe pakati. Ngakhale mawu akuti "nthawi zonse" amasocheretsa, pakuti mlingo wa nthawi zonse wa ku Nsanje ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa ku Mulanje kapena ku Nkhata Bay, chonsecho maboma onsewa angathe kupakidwa mtundu umodzi.

Bambo ena a m'kalabu yathu, omwe akhala akulima kuyambira ndisanabadwe, anabzala mbewu yonse ya haibulidi ndi kuthira feteleza wokulitsa sabata yomweyo. Dzuwa litawomba masiku khumi ndi angapo, chimanga chinapserera, ndipo anagulitsa mbuzi kuti apeze mbewu ina. Nditawafunsa anati, "Alangizi, mapuwo anali obiriwira ngati dimba, ine ndikanakayika bwanji?" Ndinasowa chowayankha, koma kunena zoona chizolowezi chothamangira mvula yoyamba chinalipo mafoni asanabwere, ndipo timachidzudzula chaka ndi chaka. Mapuwa angochipatsa ponamizira.

Mukalandira mapu, yambani mwafufuza chaka, miyezi ndi dzina la amene awatulutsa, ndipo opanda kabokosi ka mitundu musawatumize kwa anzanu. Ulosi wa boma lanu, womwe Nthambi Yoona za Nyengo imatulutsa, funsani ku ofesi ya alangizi a zaulimi ya m'dera lanu (EPA), ndipo muzimvera za nyengo pa wailesi. Musanabzale, kumbani kuti muone pomwe chinyezi chafika.