Momwe mungasonkhanitsire zofululira masese kuno ku Zomba osapusitsidwa pa chimera

Zinkhoswe ndi maukwati zayandikira ndipo anthu ayamba kale kundifunsa kuti kodi zofululira mowa mumakazitenga kuti, nde ndati ndingolemba kamodzi basi. Ine ndimafulula masese apakhomo, a chinkhoswe, a pomanga chiliza, pena a anyamata oumba njerwa, osati ogulitsa ayi, ndipo za kachasu musandifunse. Ndinaphunzira kwa azakhali anga a ku Jali omwe mpaka pano akalawa mowa wanga amayamba akwinya kaye nkhope asananene kuti uli bho. Zofunika sizambiri: chimanga, mawere, nkhuni, madzi ndi pophikira. Koma pa zonsezi pamene pamagwera anthu ndi pa chimera, ine ndinagwerapo ndipo ndifotokoza.

Choyamba, dziwani tsiku la mwambo kenako muwerenge chobwerera m'mbuyo

Ine ndimadzipatsa masabata atatu. Masiku 4 oyesa mawere, pafupifupi sabata yomeretsa ndi kuyanika, masiku 5 kapena 6 ofulula, otsalawo ndi a chigayo chozima magetsi ndi maliro a mwadzidzidzi. Ngati mwambo uli mu Juni kapena Julayi onjezerani masiku chifukwa kuno kukazizira mbewu imachedwa kumera ndipo chiperoni chikatsika m'phirimu mutha kukhala masiku atatu osaona dzuwa loyanikira. Mu Okutobala ndi zosiyana, zonse zimathamanga, mowa ukachedwa tsiku limodzi wasasa.

Chachiwiri, chimanga

Muyeso wanga pa mwambo wapakatikati ndi ndowa ziwiri za chimanga pa ndowa imodzi ya mawere, ndikunena ndowa ija ya malita 20. Ena amachepetsa mawere kuti asunge ndalama, zawo zimenezo.

Gulani pakati pa Meyi ndi Julayi anthu atangokolola, ukadikira Januwale kapena Febuluwale ulira, komanso nthawi imeneyo kufulula mowa anzako akugona ndi njala anthu amakuyang'ana moipa. Mumsika waukulu wa mtauni chimapezeka koma mtengo wake ndi wa mtauni, ine ndimakonda kupita ku Thondwe, ku Songani kapena ku Jali komwe umakumana ndi mwini munda weniweni, bola uwerengere ndi ya minibasi ndi ya kabaza chifukwa pena zotchipazo zimathera mu thiransipoti. Tengani ndowa yanu. Ndowa za mavenda ena anaziphwanya pansi dala, ukafika kunyumba ukupeza yaperewera chigoba chathunthu, ndipo za masikelo opachika mumtengo aja ndisanene.

Pisani dzanja mpaka pansi pa thumba osangoona pamwamba. Lumani njere imodzi, youma bwino imathetheka. Nunkhizani, mukamva fungo la chuku chisiyeni olo akutsitsireni mtengo bwanji. Pali kaganizo kena koti chimanga choola ndi cha mowa, koma poizoni wa chuku satha ndi moto, mungowamwetsa alendo anu matenda. Chofumbwa ndi anankafumbwe nachonso ndi makoko chabe, ufa mulibe. Funsaninso ngati anathira mankhwala osungira, chikakhala ndi kafumbi koyera kaja mupete bwinobwino, mutsuke, muyanike musanapite nacho kuchigayo. Mugayitse mgaiwa, kukonola ndi kutaya ndalama.

Chachitatu, mawere ndi chimera, apa khalani pansi

Chaka cha 2023, chija cha namondwe Freddy, mchimwene wanga wamng'ono anali ndi chinkhoswe ndipo mowa anausiya m'manja mwanga. Mbewu zinali zovuta kupeza chaka chimenecho, ine ntchito inandipanikiza, masiku anatha, nde ndinati aaa bwanji ndingogula chimera chogayagaya m'malo momeretsa ndekha. Ndinapeza bambo wina pamsika ali ndi beseni lodzadza, chofiirira bwino, mtengo wotsikirapo kuposa anzake onse, akulumbira kuti mayi ichi nde chenicheni chochokera kumpoto. Ndinangoona mtundu, osalawa, osanunkhiza, ndinalipira ndikukwera kabaza ndikusangalala kuti ndachita dilu.

Tinaphika phala dramu lonse, ine ndi akazi a achimwene anga aakulu, kutakasa mpaka mapewa kuwawa. Litazizirako tinathira chimera chija ndikuyamba kuvundula. Amene munafululapo mukudziwa zimene zimayenera kuchitika, phala lolimba lija limayamba kusungunuka mthiko ukuyenda mopepuka, pakapita kanthawi ukalawa ukumva kutsekemera ngati mwathira shuga. Ife tinavundula, tinadikira, tinavundulanso, phala lili gwa ngati la mwana. Ndinaonjezera chimera china, palibe. Kutacha linali litangowawasa, pamwamba pali tithovu tochepa ndi fungo la phala logona. Azakhali atafika anapisa chala, kulawa, kenako anatapa chimera chotsala pachikhatho ndikuchinyambita, ndikundifunsa kuti mwana iwe, ufa wa mapirawu wagula ndalama zingati? Anali mapira ogaya osameretsa, osakaniza ndi gaga ndi tichimera pang'ono tongopereka fungo. Dramu lonse linapita ku nkhumba za aneba, ndipo pa chinkhoswe tinachita kukagula Chibuku pa ngongole, akuchikazi mpaka lero amandiseka.

Chimene ndinali ndisanachimvetse ndi ichi, chimera ntchito yake si mtundu kapena fungo. Njere ikayamba kumera imatulutsa mphamvu yosandutsa ufa kukhala shuga kuti kambewu kadye, ife timaiyanika pomwepo kuti mphamvuyo isungike, ndiye tikaithira m'phala imakagwira ntchito yomweyo pa ufa wa chimanga. Shuga ameneyo ndi amene amadzasanduka mowa. Njere yosamera ilibe kanthu, ungathire thumba lonse.

Nde panopa ndimachita chonchi. Sindigula chimera chogaya kwa munthu amene sindikudziwa kwawo. Ndimagula mawere a njere, ndipo ndisanagule ndowa yonse ndimayamba ndagula kambale kamodzi. Kunyumba ndimawerenga njere 100, inde ndi ting'onoting'ono mumafunika kudekha, ndimaziviika usiku umodzi, ndikuzikulunga m'kansalu konyowa ndikuika m'mbale pamalo ofunda, ndikumawaza madzi m'mawa ndi madzulo. Pakatha masiku 3 kapena 4 ndimawerenga zomera. Zikapitirira 80 ndimabwerera kwa munthu yemweyo kukatenga ndowa, zikakhala theka ndimamusiya. Mawere ndi mbewu yodabwitsa, amakhala zaka osafumbwa, ndiye ogulitsa amatha kukupatsa a zaka zitatu zapitazo akuoneka bwinobwino koma ambiri anafa kale mkati. Vuto lake ndi loti pobwerera upeza thumba lija latha kapena wasintha, nde ine ndimasiya kachikole ndikumuuza andisungire lomwelo, ndimamanganso kachingwe kanga pakamwa pa thumba.

China, mchenga. Mawere amapunthira pansi ndiye mchenga umalowa wokha, koma ena amachita kuthiramo kuti alemere. Tapani pang'ono muike m'kapu ya madzi muvundule, mchenga umakhala pansi mumauona. Mawere ambiri amachokera kumpoto, ku Chitipa ndi ku Mzimba, nchifukwa chake kuno amadula kuposa chimanga, ndipo kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44% mu Novembala 2023 ndinasiya kuloweza mitengo, ndimangofunsa anthu atatu ndisanatulutse ndalama. Akakuvutani tengani mapira, amabwera kuchokera ku Chikwawa ndi ku Nsanje komanso kuchigwa cha Chilwa kuno alipo, ofiira amapereka mtundu wabwino ngakhale ena amawawirako. Ine ndimasakaniza, mawere magawo awiri mapira gawo limodzi. Chimera cha chimanga chimathekanso koma kwa ine mowa wake umakhala wopanda mzimu.

Kumeretsa kwake. Petani, tsukani, zoyandama tayani. Viikani usiku umodzi, mapira mutha kufikitsa tsiku lathunthu koma musinthe madzi pakati. Tsanulani madzi onse, yalani pa saka yonyowa m'nyumba mosafika dzuwa, mulu wake usapitirire kutalika kwa chala, fundikani ndi saka ina kapena masamba a nthochi. Tsiku lililonse pisani dzanja, mukamva kutentha kwambiri tembenuzani, mukamva kuuma wazani madzi, osathira ngati mukuthirira dimba. Saka ikhale ya ulusi ija kapena yoti munali chakudya, osati ya feteleza chonde. Timizu tikatuluka toyera tikugwirana ngati mphasa ndipo kamphukira kangosuzumira, basi zakwana, musadikire kuti zibiriwire chifukwa pamenepo mbewu yadya kale chakudya chanu. Mukaona chuku chakuda kapena chobiriwira, mbali imeneyo tayani.

Yanikani padzuwa pa mphasa mopyapyala, masiku atatu kapena kuposa, muike mwana woingitsa nkhuku. Chauma ngati njere ikuthetheka poluma ndipo ikutsekemera. Chimera cha mapira muchifikise m'manja ndikupeta kuti timizu ndi timphukira tichoke, mmenemo mumakhala poizoni makamaka zikadali zaziwisi, ndipo musapatse mbuzi. Kuchigayo muuzeni wogayitsa asachite kusalalitsa ngati ufa woyera, ndipo mukabwera nacho chiyaleni chizizire musanamange thumba.

Ngati nthawi yakutheranidi ndipo mulibe kuchitira mwina, gulani chimera chosagaya choti timizu mukutiona ndi maso. Chogaya, yesani kaye: phikani phala la kapu imodzi, lizizire mpaka chala chizitha kukhalamo pang'ono osapsa, thirani masipuni awiri, vundulani, dikirani theka la ola. Likasungunuka ndikutsekemera kagule. Ndikanachita zimenezi chaka chija bwenzi nkhumba zija zisanadye chinkhoswe chathu. Kumbukiraninso kuti olo chimera chabwino mukachithira m'phala lobwata mwachipha nokha, musakanamizire wogulitsa.

Chachinayi, nkhuni

Mowa umadya nkhuni kuposa mmene mukuganizira chifukwa mumaphika kawiri. Ine ndimakonza mitolo ikuluikulu isanu pa dramu limodzi. Za paini zimayaka msanga ngati pepala ndipo utsi wake umalowa m'phala, bulugamu wouma kapena nthambi za mango nde zabwino. Onyamula mitolo ena amaika zouma kunja zaziwisi mkati, masulani muone. Ndipo muzifunsa kumene zachokera, phiri lathuli mukuliona nokha mmene layerera. Zitsononkho za chimanga musataye, zimathandiza poyatsira. Makala ayi, mungasauke.

Chachisanu, madramu ndi mbiya

Dramu la malita 200 lodula pakamwa lophikira, ndi lina kapena mbiya zikuluzikulu zoikamo. Osagula dramu losadziwika munali chiyani, ena munali oilo, penti kapena mankhwala a m'munda ndipo wogulitsa aliyense amati munali mafuta ophikira. Nunkhizani mkati dzuwa likuswa. Kunena zoona kubwereka kwa amayi ofulula m'mudzi mwanu ndi bwino kuposa kugula, mumangowabwezera ndi chigubu cha mowa. Mbiya yakale yofululira musaitsuke ndi sopo, madzi otentha basi, chotupitsa chake chimakhala mmenemo ndipo nchifukwa chake ine yisiti wa m'sitolo sindigula. Mbiya ikakhala yatsopano pemphani kapu ya mowa umene ukuwira kwa mnzanu muthiremo.

Zotsalazi mukuzidziwa kale

Madzi tungani dzulo lake, ambiri, a pampopi akhale usiku osavundikira kuti fungo la mankhwala lichoke, a mumtsinje wa Likangala ayi. Mthiko wautali, mafuwa olimba, sefa kapena thumba loyera losefera, zipanda, nsalu zovundikira. Shuga sindithira, chimera chikakhala chabwino safunika, ndipo aliyense wokuuzani kuti muthiremo mapilitsi kapena zina zoti mowa ukhale waukali muthamangitseni. Patulani ndowa imodzi ya phala tsiku loyamba lisanayambe kusanduka mowa ikhale thobwa la ana ndi achipembedzo, kuno ku Zomba theka la alendo anu mwina samwa. Chimera mugawe pawiri, china cha tsiku loyamba china chodzathira mutaphika kachiwiri, chachiwiricho mubise kuchipinda chifukwa kwathu anachipeza ana ndikuphikira thobwa lawo.