Mmene mungalezere mtima ndi anthu ovuta pa nyengo ya Khirisimasi

Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano zimasonkhanitsa anthu amene chaka chonse amakhala motalikirana, ndipo ena mwa iwo amatalikirana pa zifukwa zomveka. Pali uja wofunsa mafunso obaya pagulu, wokumba nkhani zakale, wonyoza chilichonse chimene mwakonza, komanso amene amasinthiratu akangolawa mowa. Akhristu ambiri amafika pa tsikuli ndi mtima wabwino koma osakonzeka, ndiye mawu amodzi okha amawagwetsa. Kuleza mtima kumafunika kukukonzeratu tsiku lisanafike.

Kutatsala sabata imodzi, yambani kumutchula dzina munthu wovutayo m'pemphero tsiku lililonse, monga Yesu analamulira pa Mateyu 5:44. Samalani ndi pemphero lakuti "Ambuye, musintheni," chifukwa kawirikawiri limakhala dandaulo chabe. Pemphererani zinthu zenizeni za moyo wake: thanzi lake, ana ake, ntchito yake, chisoni chimene wasenza. Munthu amene mwamupempherera zabwino masiku 7 mumamuona ndi maso ena akamalowa pakhomo.

Kenako konzani mayankho. Anthu ovuta sasintha nkhani, mukudziwa kale zimene adzanene. Lembani mawu awiri kapena atatu amene amakupwetekani kwambiri, ndipo pa alionse konzani yankho lalifupi, loona, lofatsa. Akafunsa kuti, "Kodi iwe, ukwatiwa liti?" mutha kuyankha kuti, "Zikomo pondiganizira, azakhali. Imeneyo tidzakamba tili awiri. Nanga mwendo uja ukupeza bwanji?" Funso lakumapetoli ndilo limagwira ntchito yaikulu, pakuti limabwezera nkhani kwa iwo, ndipo anthu ambiri amakonda kukamba za iwo eni. Miyambo 15:1 imati kuyankha mofatsa kumabweza mkwiyo. Pamene ambiri amalakwitsa ndi pofuna kudzifotokoza mpaka wina amvetse: chiganizo chilichonse chimene mukuwonjezera chimamupatsa poti agwire. Kulakwitsa kwina ndi kulankhula mawu ofatsa ndi nkhope yachipongwe. Munthu amamva kamvekedwe ka mawu asanamve mawuwo, choncho yesezani yankholo mokweza muli nokha mpaka lizituluka mopanda mbola.

Musanyoze nkhani ya thupi. Wosagona, wanjala ndi wotopa sachedwa kupsa mtima, ngakhale atapemphera m'mawa. Pa Luka 10:40 Marita anatanganidwa ndi ntchito zambiri, ndipo dandaulo lake linagwera m'bale wake, mpaka anafunsa Yesu ngati sakusamala. Gawani ntchito dzulo lake, gonani mokwanira, ndipo idyani kanthu alendo asanafike. Munthu wovutayo naye mupatseni ntchito yooneka, monga kulandira alendo kapena kutsogolera nyimbo. Wonyoza nthawi zambiri amafuna kuonedwa kuti ndi wofunika, ndipo akapatsidwa mbali yake sapeza mpata wonyoza za ena.

Mkwiyo umayamba kuoneka m'thupi usanafike pakamwa: mtima umagunda mofulumira, nsagwada zimalimba, mawu amayamba kukwera. Mukaona zimenezi, nenani modekha kuti, "Ndikubwera," ndipo tulukani kwa mphindi 15 kapena 20. Kutuluka mwakachetechete n'kumenyetsa chitseko ndi kuyankha kale, choncho musatero. Miyambo 17:14 imayerekeza chiyambi cha mkangano ndi kutsegulira madzi, ndipo imalangiza kuusiya usanabuke. Muli panjapo musamabwereze mumtima zimene wanena, chifukwa mudzabwerera mutakwiya kuposa poyamba. Pumani pang'onopang'ono, ndipo pempherani pemphero la pa Salmo 141:3, lopempha Mulungu kuti aike mlonda pakamwa panu.

Apa pali msampha umene umakola anthu opemphera ambiri. Amaugwira mtima pamaso pa munthuyo, koma kenako amakanong'oneza wachibale wina kukhitchini, kapena kulemba mawu okuluwika pa gulu la banja la WhatsApp. Mkangano sunathe, wangosamuka, ndipo tsopano wapeza anthu oti atenge mbali. Miyambo 26:20 imanena kuti popanda wamiseche mkangano umatha. Ngati mukufunika kutula nkhawa, sankhani munthu mmodzi wokhwima m'chikhulupiriro amene sali m'nkhaniyo.

Zina zimangofunika kuzinyalanyaza, ndipo Miyambo 19:11 imati kutero ndi ulemerero wa munthu. Koma ngati cholakwacho n'chachikulu, tsatirani Mateyu 18:15: kambiranani muli awiri. Musatero pa nthawi ya chakudya, pamaso pa ana, kapena munthuyo ataledzera. Dikirani tsiku lotsatira, tchulani chinthu chimodzi chokha, nthawi imene chinachitika, ndi mmene chinakupwetekerani. Pewani mawu akuti "nthawi zonse mumatero," chifukwa adzangokumbuka tsiku limodzi limene sanatero, nkhani n'kusokonekera pomwepo. Ngati inunso munalankhula mopsa mtima, yambani ndi kupepesa mbali yanu popanda kuwonjezera "koma."

Aroma 12:18 imatiuza kukhala mwamtendere ndi anthu onse, koma imayamba ndi mawu akuti ngati n'kutheka, komanso monga mmene inu mungathere. Paulo, amene analemba mawuwa, ankadziwa kuti mbali ina ya mtendere ili m'manja mwa winayo. Mutha kumukhululukira munthu ndi mtima wonse n'kumachezabe naye maola awiri okha, mutaneneratu nthawi imene mudzanyamuke. Ndipo pamene pali kumenya, kuopseza, kapena khalidwe loika ana pa chiswe, kupirira sikutanthauza kukhalabe pamalopo. Tengani ana, chokani, dziwitsani abusa kapena akulu a mpingo, ndipo ngati moyo wa wina uli pangozi, itanani apolisi tsiku lomwelo.