Kalabu ya zachilengedwe pasukulu: yambani ndi nazale ya mitengo

Makalabu ambiri m'masukulu a pulayimale amafa teremu yoyamba isanathe. Ana amakumana kawiri, kuimba nyimbo za mitengo, kusankha tcheyamani, basi kwatha. Kalabu imene imakhalitsa ndi imene ili ndi ntchito yogwirika yoti anawo azionerera ikukula sabata ndi sabata, ndipo kuno ku Mangochi ntchito yoteroyo ndi nazale.

Musanaitane mwana aliyense, konzani kaye nkhani ya nthawi. Ana ambiri akaweruka amapita ku madrasa, ena kunyanja kukathandiza kukoka makoka kapena kuyanika usipa. Lachisanu ndi tsiku la mapemphero, lisiyeni. Khalani pansi ndi a hedi, a komiti ya sukulu, a mother group ndi a shehe a m'deralo, mugwirizane tsiku limodzi pasabata, monga Lachitatu, ola limodzi ana akangoweruka. A shehe akavomera pamaso pa makolo, simudzavutika ndi kujomba. Aphunzitsi oyang'anira akhale awiri, wamwamuna ndi wamkazi, chifukwa makolo ambiri salola mtsikana kutsalira pasukulu ngati palibe mayi. Tengani ana 25 mpaka 30 a Sitandade 5 mpaka 7. A Sitandade 8 mtima wao uli pa mayeso a PSLCE. Agaweni m'magulu asanu, gulu lililonse ndi tsiku lake lothirira.

Malo a nazale akhale pafupi ndi mjigo. Musatume ana kukatunga mumtsinje wa Shire kapena m'madambo a m'mbali mwa nyanja: kuli ng'ona, kulinso likodzo. Mangani mpanda wolimba musanafese kanthu, poti mbuzi imodzi imatha ntchito ya miyezi iwiri m'mawa umodzi. Pamwamba ikani kadenga ka udzu kotalika ngati mita imodzi, koyalidwa mopyapyala kuti dzuwa lizilowa pang'ono. Dzuwa la Okutobala ndi Novembala kuno silichitira chisoni mbande.

Chaka choyamba machubu (timatumba tapulasitiki tofeseramo mbewu) 300 ndi okwanira. Funsani kwa alangizi a zankhalango, nthawi zina amathandiza ndi machubu ndi mbewu. Dothi losakaniza likhale ndowa ziwiri za dothi lapamwamba lakuda, ndowa imodzi ya mchenga ndi imodzi ya manyowa owolerana bwino. Ngati dothi la kwanuko ndi lamchenga kale, monga momwe lilili m'mbali mwa nyanja, mchengawo usiyeni. Liseferedwe, linyowetsedwe pang'ono, ndipo podzaza chubu mwana azigogoda pansi kuti musatsale mphako. Manyowa aawisi amawotcha mizu ndi kuitana chiswe.

Fesani kumapeto kwa Seputembala, sukulu itangotsegulira. Sankhani mitengo yopirira kutentha: keshya, nimu, chammwamba ndi msangu. Uliwonse uli ndi khalidwe lake, ndipo apa mpamene ana amaphunzira zenizeni. Njere za keshya ziviikeni m'madzi usiku wonse. Za nimu zimafuna zatsopano. Zikagona miyezi sizimera, ndiye musadalire zomwe zakhala m'kabati. Chammwamba chimamera msanga, n'chifukwa chake chimapatsa ana chilimbikitso. Msangu ndiye wovuta: khungu la njere yake ndi louma, muyenera kulidula pang'ono m'mbali ndi chowengera zikhadabo, osafika pamtima. Muzu wake umathamangira pansi, choncho ufeseni mochedwa, cha mu Novembala, ndipo machubu ake akhale pathandala kuti muzu ukatuluka uziuma wokha ndi mpweya. Mu chubu chilichonse ikani njere ziwiri, kuzama kwake kuwirikiza kawiri kukula kwa njereyo. Zikamera zonse, zulani yofooka.

Thirirani m'mawa ndi madzulo ndi keni yokhala ndi chisefa. Ana amakonda kuthira mopyola, ndipo mukaona timbande tikuwola m'tsinde n'kugwa, kapena ndere zobiriwira pamwamba pa dothi, madzi achuluka kapena mthunzi wanyanya. Pakatha masabata awiri aliwonse sunthani machubu ndi kudula mizu yomwe yatulukira pansi. Kukatsala masabata atatu kuti mubzale, yambani kuchotsa udzu wa padenga ndi kuchepetsa madzi kuti mbande zizolowere.

Ngozi yaikulu ndi tchuthi cha Disembala. Mvula ikadula masiku angapo popanda wothirira, nazale yonse imapsa. Lembani mayina a ana okhala pafupi ndi sukulu, ndipo kiyi wa mpanda asunge membala wa komiti, osati mphunzitsi amene akupita kumudzi. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma bzalani mu Januwale, nthaka itanyowa bwino, m'maenje a masentimita 30 mulifupi ndi kuzama. Chotsani chubu pobzala. Mwana aliyense akhale ndi mitengo yake yoisamala ndi kuitchinga ndi minga.

Gulu lililonse likhale ndi kope lolembamo tsiku lofesa, njere zomwe zamera ndi kutalika kwa mbande poyeza ndi rula. Amenewo ndi masamu ndi sayansi omwe, ndipo a PEA (alangizi a maphunziro a pulayimale m'zoni) akabwera muli ndi choonetsa.

Mbande zotsala gulitsani kwa makolo, ndalamazo zithandizire ulendo wa teremu yachitatu. Masukulu a pafupi ndi boma angayambe ndi Lake Malawi Museum ndi nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria. Amene angakwanitse galimoto apite ku Cape Maclear, ku Lake Malawi National Park, paki yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa mu 1984 m'kaundula wa bungwe la UNESCO wa malo ofunika kwambiri padziko lonse, ana akaone nsomba za mbuna. Lemberanitu kalata ku ofesi ya maphunziro ndi kumalo komwe mukupitako, kholo lililonse lisayine chilolezo, wamkulu mmodzi ayang'anire ana osapyola khumi, ndipo pasakhale wokwera bwato popanda jekete yoyandamitsa.