Momwe mungasankhire framework ya webusaiti yatsopano

Anyamata ambiri akangopeza kasitomala amathamangira React, imodzi mwa ma framework (zida zokonzedwa kale zomangira webusaiti), chifukwa ndi yomwe ikumveka pa YouTube, koma dikirani kaye abale, pali zoti muone musanalembe code olo mzere umodzi.

Choyamba funsani kuti webusaitiyo izigwira ntchito yanji kwenikweni. Ngati ndi ya tchalitchi, sukulu kapena ka loji komwe akungofuna zithunzi, nkhani ndi nambala ya foni, framework simukuifuna ayi, ikani WordPress basi, pulogalamu yopangira webusaiti osalemba code. Yakhalapo kuyambira 2003 ndipo eni ake atha kumasintha zinthu okha osakuimbirani usiku.

Koma ngati anthu azitsegula ma akaunti, kulowa ndi password, kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba, apo ndiye framework ikufunika. Ndiye chachiwiri onani hosting, malo omwe mumalipira kuti webusaiti ikhalepo pa intaneti, apa ndi pomwe ambiri amagwa. Ma hosting otchipa a cPanel (tsamba loyendetsera hosting) aja chilankhulo cha code cha PHP amayendetsa popanda vuto ndiye Laravel, framework ya PHP, imakhala bwinobwino, pomwe framework ya Django ndi ya chilankhulo cha Python, ya Next.js imafuna Node (pulogalamu yoyendetsa code ya JavaScript pa seva), ndipo izi kawirikawiri zimayenda bwino pa VPS (seva yobwereka yoyendetsa nokha) yomwe muzilipira mwezi ndi mwezi mu madola, nanga za forex kuno mukuzidziwa kale. Mtengo umenewu muuzeni kasitomala poyamba pomwe, asadzadzidzimuke pakati panjira.

Django ineyo ndimaikonda chifukwa imabwera ndi admin yake kale, tsamba lolowetsera ndi kusinthira zinthu. Anaipangira ku nyuzipepala ya Lawrence Journal-World ku Kansas, inatuluka mu 2005, ndiye pa ntchito yolowetsa zinthu tsiku ndi tsiku monga marekodi a ana asukulu imakuchepetserani ntchito kwambiri.

Chachitatu ganizirani amene azitsegula tsambalo. React ya Facebook ija mukapanda kusamala imatumiza JavaScript yambiri kufoni, munthu wa ka itel amene wagula bandulo ya tsiku amangochokapo tsamba lisanatseguke, zimenezi zimandiwawa chifukwa ndi anthu omwewo amene kasitomala akuwafuna.

Kenako dzifunseni, mukadzachoka adzaisamale ndani? Sankhani chomwe mukuchidziwa inuyo komanso chomwe wina atha kudzachitenga mosavuta.

Mukatsala ndi ziwiri musamangowerenga zokangana za pa intaneti, pangani tsamba la login ndi fomu imodzi pa iliyonse, muziike pa hosting yeniyeniyo, kenako muzitsegule pa foni yotchipa pamalo pomwe netiweki imavuta. Yomwe yatseguka msanga osakuvutitsani poiika, yambani nayo imeneyo.