Kusamala nsambo za matumbo pa vayolini ya Baroque mu Lusaka

Vayolini ya Baroque, yomwe ndi yamtundu wakale yoimbira nyimbo za opeka nyimbo akale ngati Corelli kapena Bach, imamangidwa nsambo za matumbo a nkhosa, ndipo nsambozi zimamva nyengo msanga kuposa zachitsulo. Vayoliniyi ichunidwe kuti liwu la A likhale pa 415 Hz (Hz ndi muyeso wa kukwera kwa liwu), pafupifupi theka la toni pansi pa 440 ya masiku ano. Mukaikoka mpaka 440, nsambo ya E, yomwe imakhala yopyapyala ngati 0.60 mm, siichedwa kuduka.

Musanamange yatsopano, pakani pensulo m'timipata ta pa mlatho (kathabwa koimirira komwe nsambo zimatsamirapo) ndi kumutu kwa khosi la vayolini kuti nsambo izitsetsereka osadyeka. Ikokeni pang'onopang'ono. Imatenga masiku angapo ikutamuka, choncho musamange lero mawa muli ndi konsati. Mlatho umaweramira kutsogolo mukamakoka. Uwongoleni ndi zala ziwiri, nsambo zitamasulidwa pang'ono.

Vuto lenileni ndi nyengo yathu. Kuyambira Novembala mpaka Epulo matumbo amamwa chinyezi, mawu n'kutsika, ndipo mudzachuna pakati pa nyimbo iliyonse. Mu Okutobala ndiye zosiyana: mtengo umauma, zikhomo zochunira zimaterereka, nsambo zimamasuka zokha. Ikani kasiponji konyowa m'kabokosi kobooledwa mkati mwa chikwama, koma kasakhudze chidacho. M'galimoto yoima padzuwa ayi, ngakhale kwa mphindi khumi.

Tiubweya tikayamba kutuluka pa nsambo pomwe zala zimadina, tiduleni ndi chowengera zikhadabo, osatizula. Mukamaliza kuimba pukutani thukuta, ndipo nthawi zina pakani kadontho ka mafuta a almond, kutali ndi pomwe uta woimbira vayolini umadutsa, apo ayi utawo sugwira.