Kufulula masese nthawi ya mwera: mmene mungasungire kutentha kuti mowa uwire

Kuno ku Nkhotakota tinazolowera kutentha, choncho ofulula ambiri saganizako zofunditsa mowa. Koma mu Juni ndi Julayi, mwera ukamakuntha kuchokera kunyanja, m'bandakucha kumazizira ndithu. Mowa umene mu Okutobala umapsa msanga umangokhala duu, thovu osaoneka, kukoma kwake kuli kwa thobwa. Ambiri amathamangira kunena kuti chimera n'choipa, pamene vuto ndi kuzizira. Yisiti, imene imasandutsa shuga kukhala mowa, imagwira bwino ntchito pa madigiri 25 mpaka 30. Kutentha kukatsika pansi pa 18 imafooka, ndipo mowa ukachedwa kuwira umayamba kusasa usanakhale ndi mphamvu.

Yambirani pa phala. Nyengo ino limazizira msanga pamwamba ndi m'mbali pamene pakati pakadali moto, ndiye musanayeze kutentha kwake takasani ndi mthiko mpaka pansi. Chimera chimasungunula phala n'kulitsekemeretsa pa madigiri 60 mpaka 70. Mukachitsira phala likadali pafupi ndi 80, mphamvu yake imafa ndipo phala limakhala lolimba. Yisiti ndiye imafuna pofunda chabe. Dikirani kutentha kutsike kufika cha pa 30 musanathire mowa woyambitsira, umene umabweretsa yisitiyo. Ngati mulibe thermometer, chipangizo choyezera kutentha, donthezani pang'ono kuseri kwa dzanja: lizimveka lofunda, losawawula. Kuopa kuzizira kusakuchititseni kuthira msanga mowa woyambitsira, chifukwa kupitirira madigiri 40 yisiti imavutika, ndipo cha pa 50 imafa.

Woyambitsirayo akhale mowa umene ukuwira mwamphamvu, pafupifupi lita 1 pa malita 20 alionse. Thirani masana, nyumba ikadali yofunda, kuti pofika usiku kuwira kukhale kutayamba. Mowa wowira umatulutsa kutentha kwakewake, ndipo ntchito yanu yaikulu ndi kusunga kutenthako kuti kusathawe.

Pamene kutentha kumathawira kwambiri ndi pansi. Mbiya kapena mgolo wokhala pa simenti umazizira kuyambira kumatako usiku wonse, ngakhale pamwamba mutafunditsa bwanji. Yalani matabwa, kapena thumba lodzaza mankhusu a mpunga. Mankhusu tili nawo ambiri kuno ku zigayo za mpunga, ndipo pa ntchito imeneyi palibe chowaposa, bola akhale ouma. Ikani mbiya m'dengu lalikulu kapena m'katoni, mutsire mankhusu mozungulira, makulidwe a chikhatho, kufika m'khosi. Pakamwa vundikirani ndi nsalu yoyera ndi lichero, kenaka bulangete pamwamba. Musamange ndi pulasitiki kapena kutseka chigubu kuti ndii: mpweya wa mowa uyenera kutuluka, apo ayi chiphulika. Sankhani chipinda cham'kati, kutali ndi chitseko ndi zenera loyang'ana kunyanja.

Chotengera nachonso chili ndi gawo. Mgolo wachitsulo umataya kutentha msanga kuposa mbiya yadothi kapena dramu yapulasitiki. Ndipo malita 60 m'chotengera chimodzi amasunga kutentha kuposa malita omwewo m'zidebe zitatu.

Mukadzuka n'kupeza mowa wangoti zii, musawutaye, komanso musawutenthetse pamoto. Dzazani mabotolo awiri kapena atatu a malita 2 ndi madzi ofunda amene dzanja lingapirire, tsekani bwino, muwakwirire m'mankhusu m'mbali mwa mbiya. Takasani kamodzi ndi mthiko wotsukidwa kuti yisiti yokhazikika pansi ikwere. Sinthani madziwo madzulo ndi m'mawa. Likatha tsiku thovu osabwera, onjezani woyambitsira watsopano. Kuika mbiya pafupi ndi moto kumatenthetsa mbali imodzi yokha, ndipo mowa wake umatuluka wa fungo lakuthwa.

Chonde, mbaula yamakala isagone m'chipinda chotseka pofuna kufunditsa mowa. Mpweya wa makala sununkha, koma umapha anthu ali m'tulo. Feteleza kapena mabatire, zimene ena amati zimafulumizitsa mowa, n'zoopsa kwa omwa, zisalowe m'mbiya.

Musawerengere masiku a nthawi yotentha. Lawani m'mawa ndi madzulo ndi chikho choyera, ndipo musamavundukule kawirikawiri chifukwa mphepo imalowa. Kutsekemera kukachepa, thovu likuyamba kutsika, sefani tsiku lomwelo ndipo chotsani bulangete ndi mabotolo, chifukwa mowa wakupsa ukapitiriza kufunda umasasa msanga.