Momwe mungafananizire malenzi a 50mm musanagulire kamera yanu ya mirrorless

Ojambula ambiri kuno ku Angónia ndi ku Moatize amayamba ntchito ndi lenzi yobwera ndi kamera yawo ya mirrorless (yosintha malenzi koma yopanda kalilole mkati), ya 18-55mm kapena 16-50mm, ndipo masana imagwira bwino. Mavuto amayamba m'tchalitchi kapena pa chinkhoswe cha madzulo, chifukwa lenzi yotereyi mukaikoka mpaka kumapeto imatsekeka kufika pa f/5.6 (nambala ya f ikamakula, kabowo kolowera kuwala kamachepa), nkhope n'kumatuluka zakuda. Lenzi yosakoka ya f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi kuposa pamenepo, ndipo n'chifukwa chake aliyense amaifuna.

Yambani ndi kudziwa kukula kwa sensa ya kamera yanu, kachipangizo ka mkati kamene kamalandira kuwala n'kupanga chithunzi. Pa kamera ya sensa yaikulu yotchedwa full frame, monga Sony A7, Canon R6 kapena Nikon Z5, lenzi ya 50mm imaona moyandikira momwe diso limaonera. Pa sensa yaing'ono ya APS-C, monga ya Sony a6400 kapena Fujifilm, nambalayo muichulukitse ndi 1.5, pa Canon ndi 1.6, choncho 50mm imakhala ngati 75mm kapena 80mm, ndipo m'nyumba yaing'ono mudzagunda khoma ndi msana banja lonse lisanakwane m'chithunzi. Pamenepo mufunika ya 30mm mpaka 35mm, pamene a Panasonic ndi Olympus a sensa yocheperapo yotchedwa Micro Four Thirds afunika ya 25mm.

Kenako yang'anani kamwa lomangira lenzi. Sony E, Canon RF, Nikon Z ndi Fujifilm X salowana, ndipo ogulitsa ena amakonda kunena kuti "Canon ndi Canon basi", pamene lenzi yakale ya EF siimangika pa RF popanda adaputala, ndipo ya EF-M siilowa n'komwe.

Mukatero mutsala ndi malenzi awiri kapena atatu oti musankhepo. Canon RF 50mm f/1.8 STM imalemera magalamu 160 okha, Sony FE 50mm f/1.8 magalamu 186, pamene Nikon Z 50mm f/1.8 S, yomwe inatuluka mu 2018, imafika magalamu 415 ndipo ndi yokwera mtengo, koma imajambula mwakuthwa ngakhale itatsegulidwa kotheratu. Pa APS-C, Sigma 30mm f/1.4 DC DN ndi yomwe ine ndimaidalira, ndipo a Fujifilm amasankha pakati pa XF 35mm f/1.4 ya mu 2012 ndi XF 35mm f/2 WR, yomwe ndi yotetezedwa ku fumbi ndi chinyezi. Kwa munthu wojambula maukwati m'misewu ya fumbi ya ku Tsangano, chitetezo chimenecho ndimachiwerengera kuposa f/1.4. Pa full frame, kusiyana kwa f/1.4 ndi f/1.8 sikufika pa kuwirikiza kuwala kawiri, koma mtengo umatha kuwirikiza kangapo, ndipo sindinapezepo kasitomala amene anazindikira kusiyanako pa chithunzi chosindikizidwa.

Gawo lofunika kwambiri ndi kuyesa lenzi yeniyeniyo imene mukufuna kulipira, pa kamera yanu. Malenzi awiri a dzina limodzi sakhala ofanana nthawi zonse, makamaka ogwiritsidwapo kale ntchito, chifukwa lenzi ikagwa pansi magalasi a mkati amatha kusuntha pang'ono ngakhale kunja kusaoneke chilema. Ndinagulapo 50mm kwa munthu wina wobwera ndi katundu kuchokera ku South Africa, ndipo zithunzi za munthu mmodzi zinkatuluka bwino. Tsiku lomwe ndinajambula kwaya itandanda mzere, amayi onse a kumanja anatuluka nkhope zosaoneka bwino, mpaka maluwa a pa chitenje chawo anasakanikirana, pamene a kumanzere munkawerenga ngakhale mikanda ya m'khosi. Ndinatseka mpaka f/4 koma sizinasinthe, ndipo pofika nthawi imeneyo foni ya wogulitsayo inali itasiya kupezeka.

Kuyesa kwake ndi kotere. Pezani chinthu chakutali chokhala ndi mizere yooneka bwino, monga nsanja ya mafoni. Tsegulani lenzi kotheratu, ikani nsanjayo pakati pa chithunzi, itengeni fokasi, kenako zimitsani autofocus, yomwe imatenga fokasi yokha, kuti fokasiyo isasunthenso. Osakhudza mphete ya lenzi, pendeketsani kamera kuti nsonga ya nsanja ikhale pa ngodya ya kumwamba kumanzere ndipo mujambule, kenako muchite chimodzimodzi pa ngodya zitatu zotsalazo, liwiro la shutter, kachitseko kolowetsa kuwala, lisatsike pansi pa 1/1000 ya sekondi. Zithunzi zinayizo muzionere pa kompyuta mutazikulitsa kufika pa 100%, chifukwa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera kamabisa zambiri. Ngodya zonse zikafooka mofanana poyerekeza ndi pakati, palibe chodetsa nkhawa, malenzi otchipa amatero pa f/1.8. Koma ngodya imodzi kapena mbali imodzi ikasiyana ndi zinzake, ibwezeni lenziyo ngakhale mwini wake atsitse mtengo, pakuti kuiwongola kumafuna zida zomwe amisiri okonza mafoni alibe. Muyeso umenewu uchitike m'mamawa. Mu mzinda wa Tete, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, mpweya wotentha umanjenjemera pamwamba pa nthaka masana ndipo chinthu chakutali chimaoneka chosalongosoka pa lenzi iliyonse, choncho mukhoza kukana lenzi yabwino popanda chifukwa.

Musanaichotse m'manja, ichotseni pa kamera ndipo muunike mkati mwake ndi tochi ya foni. Timadontho ta fumbi sitivuta. Choopsa ndi nkhungu yooneka ngati ulusi wa kangaude, yomwe imamera pa malenzi osungidwa m'chikwama nyengo ya mvula kumadera ozizira ngati Ulongwe, ndipo ikakhalitsa imadya utoto wa pagalasi.

Ngati muli ndi malenzi awiri oti mufananize, imirirani malo amodzi ndipo mujambule chinthu chimodzi pa f/1.8, f/2.8 ndi f/5.6. Jambulani masamba a mtengo moyang'ana thambo kuti muone ngati m'mbali mwake mukutuluka utoto wofiirira kapena wobiriwira, kenako muuze mwana athamangire kwa inu m'chipinda chamdima kuti muone imene ikutsata nkhope msanga. Ojambula vidiyo amvetserenso phokoso la mota ya fokasi, chifukwa Sony FE 50mm f/1.8 ndi Fujifilm 35mm f/1.4 zimamveka. Malenzi otchipa kwambiri a TTArtisan ndi 7Artisans ambiri alibe autofocus, fokasi yake ndi yopotokola ndi dzanja, choncho funsani musanavomere.

Fyuluta yoteteza galasi mugule ya muyeso wake, 43mm pa Canon, 49mm pa Sony ndi 62mm pa Nikon. Ndalama za M-Pesa kapena e-Mola muzitumize mutaona kale zithunzi zinayi za ngodya zija.